Athu ndi ojintcha chabe, awo ndi madala

Mpira wa sukulu usanayambe pamachitika kamwambo kamene simungakapeze m'buku lililonse la malamulo. Anyamata a matimu onse awiri amandanda pakati pa bwalo, ndipo mphunzitsi wa zamasewero wa mbali inayo amadutsa pang'onopang'ono kutsogolo kwawo, maso ali pa zibwano. Akufuna tizipsera ta lezala. Kenako amatsitsa maso n'kuona akatumba ndi cheya cha m'miyendo, mwina n'kufunsa mmodzi dzina lake kuti angomva ngati mawu anasintha kale. Kunja kwa mzere, ochemerera amakhala atagamula kalekale. "Nambala 5 uyo ali ndi mkazi ndi ana awiri!" wina amakuwa. Mnzake n'kuthira ndemanga: "Tinali naye ku okushoni chaka chatha, anagulitsa mabelo atatu!" Bwalo lonse limafa ndi phwete.

Kwa munthu amene anaonerako mpira wa sukulu ku Guilleme, ku Kamwendo, ku Ludzi, ku Kapiri kapena pa boma pa Mchinji, mawu otere si achilendo. Chodabwitsa n'chakuti mbali zonse ziwiri zimakuwa zofanana. Wamtali wa timu inayo ndi dala wobera zaka. Wamtali wa timu ya kwathu ndi mwana wojintcha chabe, anatengera agogo ake aamuna, ndiponso kwawo mtedza susowa. Mpira ukatha, mkangano umasamukira kumsika, pa siteji ya kabaza ndi pa bawo, ndipo sabata imatha usanazirale. Ogonja amati aberedwa masanasana. Opambana amati anzawowo akungolira.

Guilleme ndi malo abwino kuonerapo nkhaniyi. Mishoniyi anaitsegula ansembe a chipani cha White Fathers m'chaka cha 1935, ndipo anaipatsa dzina la Ambuye Mathurin Guillemé, episkopi amene anatsogolera Akatolika a dera lino kuyambira 1911 mpaka 1934. Monga zimakhalira pa mishoni, pali tchalitchi, chipatala cha St Michael's ndi masukulu okoka ana ochokera m'midzi yakutali. Pamene pali sukulu pali bwalo, ndipo pamene pali bwalo pali timu ina yoyenera kuikuntha zivute zitani. Kuonjezera apo, malire a Zambia ali pafupi. Kwa munthu wa kuno Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe, mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri, chilankhulo n'chimodzi, ndipo a Phiri, a Banda, a Mbewe ndi a Zulu alipo kuno, aliponso uko. Mnyamata akatsika pa kabaza Lachisanu madzulo kuti wabwera kudzaona amalume, Loweruka n'kuvala yunifomu ya timu, ndani angamuloze chala motsimikiza? N'chifukwa chake mphekesera ya "wosewera wa ku Zambia" siichedwa kubuka timu ikangomwa zigoli zambiri.

Koma anthu akamakangana amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Pali waganyu: mnyamata amene sukulu anasiya kale, kapena sanapondepo n'komwe m'kalasi pa sukulupo, amene amangobwerekedwa tsiku la mpira n'kupatsidwa ya sopo. Za ameneyu palibe chokambirana, ndipo ngakhale omubweretsawo amamubisa. Amamuuza kuti afike mochedwa ndipo asacheze ndi anthu. Ndi yemweyu amene amavutitsanso m'makoleji, kumene zaka si nkhani koma funso limakhala lakuti kodi womwetsa zigoliyo ali ndi chiphaso cha pa koleji, kapena wangochokera ku timu ya m'tauni. Ndiye pali mwana wa sukulu weniweni, wolembedwa m'kaundula, wobwera m'kalasi tsiku ndi tsiku, wosesa nawo pabwalo m'mawa, koma zaka zake zapitirira malire a mpikisano. Mkangano wokoma uli pa wachiwiriyu, chifukwa omuikira kumbuyo ali ndi mfundo zomveka.

Iwo amati: "Aphunzitsi, mwanayu ndi wanu yemwe, mayeso amalemba, zachitukuko amagwira. Mukamuletsa mpira wa sukulu, azikasewera kuti?" Ndipo si bodza kuti ana otere ndi ambiri. Pa dongosolo la boma mwana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, kutanthauza kuti azimaliza Sitandade 8 ali ndi zaka 13 kapena 14. Kumudzi kawirikawiri sizikhala choncho. Wina amayamba mochedwa chifukwa sukulu ili patali kapena mtsinje umadzadza m'dzinja. Wina amajomba nyengo yothyola ndi kusoka fodya n'kubwereza kalasi. Wina amasiya chaka chathunthu akuweta ng'ombe, kenako n'kubwerera. Boma litachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana a sukulu chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo ambiri mwa olowawo anali okulirapo kale. Mpaka lero, mwana wa zaka 12 kukhala desiki imodzi ndi mnyamata wa zaka 17 si nkhani yoti munthu n'kutembenuka nayo.

Mnyamata wa zaka 17 uja sanalakwe kanthu pokhala mu Sitandade 8. Ndi woyeneranso kumuyamikira kuti sanataye mtima. Cholakwa chimabwera pamene mpikisano wanena kuti ndi wa osapitirira zaka 14, ndipo munthu wamkulu, wodziwa kuwerenga ndi kulemba, atenga cholembera n'kusintha chaka chobadwa pa fomu.

Nthawi zinanso cholemberacho chinayenda kale, mpira usanaganiziridwe n'komwe. Kwa zaka zambiri malo ku sekondale za boma akhala ochepa poyerekeza ndi ana olemba mayeso a Sitandade 8, ndipo makolo ena anapeza njira: mwana abwereze, koma pa sukulu ina, ndi dzina lina, zaka zitadulidwa kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Alipo akuluakulu m'maofesi lero amene ali ndi dzina la kusukulu ndi dzina la kumudzi, ndipo amaseka akamafotokoza mmene zinakhalira. Choncho mphunzitsi wa zamasewero akatsegula kaundula n'kupeza zaka 13, angathe kulumbira moona mtima kuti iye sanasinthe kanthu. Bodzalo analipeza litakhazikika kale, ndipo analibweretsa ndi makolo omwewo amene Loweruka amakuwa mpaka kusasa mawu kuti timu inayo yabera.

Mkangano womwewu umafika mpaka pamwamba, ndipo Amalawi ali ndi chifukwa chowukumbukira mokondwa. Mu Malichi 2009 timu ya dziko lino ya osapitirira zaka 17 inali ku Algeria ku mpikisano wa mu Africa. M'gulu lake inatsalira kumbuyo kwa Burkina Faso ndi Niger, ndipo anyamata anali oti azilongedza zikwama. Kenako bungwe la CAF linapeza kuti Niger inaseweretsa wopitirira zaka, n'kuichotsa mumpikisano. Malo ake m'ndime ya matimu anayi anapita kwa Malawi, ndipo malo amenewo anabwera ndi mwayi wina waukulu: kupita ku World Cup ya osapitirira zaka 17 ku Nigeria chaka chomwecho. Anyamata a mphunzitsi John Kaputa anapitadi, n'kugonja 2-0 ndi United Arab Emirates, 1-0 ndi America, ndi 4-1 ndi Spain. Zotsatirazo sizinali zonyaditsa, komabe aka kanali koyamba kuti timu ya mpira wamiyendo ya Malawi isewere mu World Cup ya FIFA. Nthawi imeneyo sikunamveke Mmalawi wonena kuti lamulo la zaka n'lankhanza, kapena kuti a ku Niger anangokhala ndi mwana wojintcha.

Mu Julayi 2016 linali tsoka la oyandikana nawo nyumba. Ku Mauritius, bungwe la COSAFA linachotsa Zambia mumpikisano wa osapitirira zaka 17 litapeza kuti osewera ake awiri anali opitirira zaka. Zambia inali m'gulu limodzi ndi Malawi. Chikho chinapita ku Namibia, Malawi inathera pa nambala 3, ndipo Peter Banda ndiye anamwetsa zigoli zambiri mumpikisano wonsewo. Kwa anthu a m'malire, amene amamvera wailesi za mbali zonse ziwiri ndipo amakumana ndi abale awo pa chipata cha Mwami, nkhani ngati iyi imapatsa munthu poyambira kunyogodola msuweni wake. Koma kusekako sikunakhalitse. Chaka chotsatira Zambia inabwerera ku Mauritius komweko n'kutenga chikhocho, ndipo mu 2019 inadzachitenganso ku Blantyre, pamaso pa eni mudzi. Amene ankati Zambia imapambana chifukwa cha madala okha anasowa chonena.

Pa mipikisano ikuluikulu sayang'ananso zibwano. Kuyambira pa World Cup ya 2009 ija, FIFA imagwiritsa ntchito makina a MRI kujambula mfundo ya dzanja, paja pamakhala wotchi. Mwana akamakula, kumapeto kwa fupa la mkono kumakhala kachigawo kofewa komwe fupalo limatalikirapo. Munthu akamayandikira kusiya kukula, kachigawoko kamalimba pang'onopang'ono mpaka kutsekeka. Madokotala amagawa kutsekekako m'magawo 6, ndipo wopezeka pa gawo la 6, lotsekekeratu, saloledwa kusewera ndi osapitirira zaka 17, pasipoti yake inene zotani. Ofufuza a FIFA anati mwa anyamata osapitirira zaka 17, amene fupa lawo latsekekeratu sakwana mmodzi pa 100 alionse.

Makinawa agwetsa ambiri. Mu Novembala 2020, ku Port Elizabeth m'dziko la South Africa, matimu a Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe anabwezedwa kwawo chifukwa timu iliyonse inali ndi wosewera amene analephera kuyezedwako, ndipo mpikisano wa COSAFA unayambiranso ndi matimu anayi otsala: Angola, Malawi, South Africa ndi Zambia. Ku Cameroon, kumayambiriro kwa 2023, kunamveka kuti mwa anyamata 30 amene anayezedwa molamulidwa ndi Samuel Eto'o, mtsogoleri wa bungwe la mpira m'dzikolo, 21 analephera. Enanso 11 mwa obwera kudzalowa m'malo analephera. Komabe makinawa nawo amaphonya. Matupi sakula mofanana. Alipo mwana woona wa zaka 16 amene fupa lake linafulumira kutseka, ndipo amabwezedwa akulira pamene wa zaka 19 wa fupa lochedwa akudutsa bwinobwino. Kwa atsikana, amene mafupa awo amatseka msanga, njirayi siyodalirika. Ndiponso palibe amene angatenge ana a ku Guilleme kupita nawo mumzinda kukawaika m'makina chifukwa cha chikho cha mipira iwiri ndi yunifomu.

Kumudzi makinawo safunika n'komwe. Kuno anthu amadziwana. Mayi amene anachira sabata imodzi ndi amake a mnyamatayo alipo, ndipo amakumbukira kuti chinali chaka cha njala kapena chaka chimene mlatho unakokoloka. Buku la kusikelo lilipo, lolemba tsiku lobadwa ndi masiku a katemera. Akatolika ali ndi kabuku ka Ulendo wa Banja Lathu, ndipo ku ofesi ya parishi kumasungidwa mabuku a ubatizo olemba dzina la mwana, makolo ake ndi tsiku limene anabadwa. Ku CCAP ndi ku mipingo ina nakonso kuli makaundula. Choonadi chili pafupi. Amene amasowa ndi munthu wofuna kuchifunsa mpira usanayambe, makamaka ngati chikukhudza goloboyi wa kwawo.

Taonani nthawi imene madandaulo amabwera. Kawirikawiri timu imadziwiratu kuti anzawo ali ndi wopitirira zaka, koma imakhala duu. Ikapambana, nkhani yatha. Ikagonja, kalata imalembedwa usiku womwewo kupita ku komiti kuti ikapambanire pa tebulo. Nthawi zina aphunzitsi awiri amangomvana ndi maso pakati pa bwalo: achimwene, inu muli ndi wanu, ife tili ndi wathu, tiyeni tisewere.

Chitsanzo chotchuka cha chinyengo choululika chifukwa cha kugonja chinachitika mu 2017 mu chikho cha Carlsberg. Nchalo United inakumana ndi Chitipa United, masewero anathera 1-1, ndipo Chitipa inapambana pa mapenate. Pambuyo pake kunamveka kuti oyimbira anayi a masewerowo analandira kangachepe, ndalama zokwana pafupifupi madola 20 a ku America onse pamodzi, kuti akondere Nchalo. Nkhaniyo inatuluka chifukwa mbali yogonjayo inafuna ndalama zake, ndipo zimene zinabwezedwa zinali zoperewera, za madola 15 okha. Bungwe la oyimbira linalamula kuti anayiwo asadzayimbirenso moyo wawo wonse, ngakhale mmodzi wa iwo anakanitsitsa kwamtuwagalu kuti iye sanalandireko kanthu. Nyumba zofalitsa nkhani za kunja zinaitola, anthu akuseka kuchepa kwa ndalamazo. Koma Nchalo ikanapambana tsikulo, palibe akanamva kalikonse. Patatha zaka ziwiri, mu Epulo 2019, FIFA inaletsa Hellings Mwakasungula, amene anasewerapo mu Flames, kuchita chilichonse chokhudza mpira moyo wake wonse pa mlandu wokonza zotsatira za masewero.

Woyimbira wa mpira wa sukulu sapatsidwa madola. Nthawi zambiri ndi mphunzitsi wa pa sukulu yapafupi kapena mnyamata wa m'mudzi wodziwako malamulo, ndipo mpira ukatha njira yopita kwawo imadutsa pakati pa ochemerera a timu ya pakhomo. Penate ya mphindi yomaliza amaiganizira kawiri, ndipo si chifukwa cha ziphuphu. Za mankhwala nazo zimalowa m'mikangano imeneyi: timu kukana kulowera pa chipata n'kudumpha mpanda, kuwaza mchere pagolo, kukumba pakati pa bwalo. Zimachitika ngakhale mu Super League, kumene matimu amalipitsidwa chindapusa chifukwa cha zomwezi. Okhulupirira amati uku ndi kudziteteza, si kubera. Kaya zimagwira ntchito kaya ayi, chithumwa sichinathyolepo mwendo wa mwana. Dala wa zaka 20 akalowa ndi mphamvu zake zonse pa mwana wa zaka 13, mwendo umathyoka ndithu.

Khalidwe loona chinyengo cha mdani yekha si la kuno kokha. Ku America, mpira wa m'mayunivesite, uja wogwira ndi manja atavala zipewa zolimba, umadzadza mabwalo a anthu oposa 100,000, ndipo udani wotchuka ndi wa University of Michigan ndi Ohio State. Mu 2023 kunaululika kuti wogwira ntchito wina wa timu ya Michigan, Connor Stalions, ankagulira anthu matikiti kuti azikajambula zizindikiro za manja zimene aphunzitsi a matimu ena amalankhulira ndi osewera awo, zomwe malamulo a mpira wa m'makoleji amaletsa. Mphunzitsi wamkulu Jim Harbaugh anaimitsidwa masewero atatu, koma timuyo inapitirira mpaka kutenga chikho cha dziko lonse mu Januwale 2024. Mu Ogasiti 2025 bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a m'makoleji, linalipitsa Michigan chindapusa cha madola mamiliyoni ambiri, chikho osalanda. Ochemerera Ohio State mpaka lero amati chikhocho n'chakuba. A Michigan amayankha pokumbutsa za 2010, pamene osewera a Ohio State anagulitsa mphete ndi mayunifomu awo, zina n'kusinthanitsa ndi kudindidwa zithunzi pakhungu, mphunzitsi wawo Jim Tressel akudziwa koma osanena. Iye anatula pansi udindo mu 2011, ndipo zipambano zonse za timuyo za 2010 zinafufutidwa. Ndi anthu ophunzira, a madigiri awo, koma mkangano wake ndi womwe uja wa pa siteji ya kabaza. Akuluakulu anaziona kale kuti anyani amasekana zikundu.

Mfundo yovuta kuigwetsa ndi yakuti aliyense amachita. Mphunzitsi wa zamasewero amaifotokoza mosabisa akakhala pakati pa anzake. Akapita ndi ana enieni a zaka 13 kukakumana ndi timu ya madala n'kumwa zigoli 8, ahedi amuyang'ana ndi diso la nkhwezule, makolo amutcha mbuli ya mpira, ndipo anawo safunanso kubwera pabwalo madzulo. Kuona mtima kwake kwamudyetsa manyazi. Choncho chaka chamawa naye abweretsa awiri, "ongolimbitsa kumbuyo". Anzake akaona, abweretsa anayi. Munthu angamumvere chisoni mphunzitsiyu, koma mfundo yakeyo imangofotokoza mmene mchitidwewu umafalira; siisandutsa bodza kukhala choona. Ndiponso si zoona kuti aliyense amachita. Alipo aphunzitsi amene amapita ndi ana awo ang'onoang'ono, n'kugonja m'ndime yoyamba, n'kubwerera pa lole ali chete. Amenewa saimbiridwa nyimbo.

Wopwetekeka kwenikweni sakhala nawo pa mkanganowo. Ndi kamnyamata ka zaka 13 kamene kamadziwa mpira kuposa onse m'kalasi mwake, koma tsiku la mpikisano kamanyamula ndowa ya madzi chifukwa malo ake atenga achimwene ena a ndevu. Mpikisano wa ana unakhazikitsidwa kuti kamnyamata kotere kaoneke kakadali kanthete, kaphunzitsidwe, kakule. Akabwera osaka luso, a maakademi kapena a timu ya chigawo, amasankha amene akuwala pabwalo, ndipo owalawo amakhala aja akuluakulu chifukwa amathamanga kwambiri ndi kukankha mwamphamvu. Pakatha zaka zitatu, anzawo aja akula n'kuwapeza, mphamvu zafanana, ndipo zimaoneka kuti luso panalibe. Dalayo mpira umamuthera "akadali mwana" pa pepala. Waluso uja anasiya kalekale, ali pa kabaza kapena ku esiteti ya fodya. Dziko lataya onse awiri.

Palinso china chimene sukulu imaphunzitsa tsiku limenelo popanda choko. Kuti waganyu adutse, amamupatsa dzina la mwana wina wa m'kaundula, ndipo amaloweza dzinalo, chaka chobadwa, kalasi ndi dzina la aphunzitsi a kalasiyo. Timu yonse imachenjezedwa kuti isamuitane ndi dzina lake lenileni. Mpira ukatentha wina amaiwala n'kukuwa dzina la kumudzi, ndipo ochemerera a mbali inayo amalumpha kuposa mmene amachitira pa chigoli. Zoseketsa, inde. Koma apa timu yathunthu ya ana yaphunzira kunama limodzi, motsogozedwa ndi munthu amene Lolemba adzaima kutsogolo kwawo n'kuwauza kuti kulowa ndi likasa m'mayeso ndi mlandu. Dziko lino likudziwa kuwawa kwa chizolowezi chimenechi: mu Novembala 2020 boma linathetsa mayeso a MSCE ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ophunzira m'dziko lonse analembanso mu Januwale 2021. Si mpira umene unabetsa mayesowo, koma maganizo akuti bola kupambana, njira ndi iliyonse, ndi amodzimodzi.

Nyambo nayo ikukula. Kale mphoto inali chikho chachitsulo ndi mpira umodzi. Lero pali zikho za aphungu ndi za ofuna uphungu, makamaka chisankho chikayandikira, ndipo pamwamba pali mpikisano wa masukulu wa CAF wa osapitirira zaka 15, umene unayamba mu 2022 ndi thandizo la madola 10 miliyoni lochokera ku Motsepe Foundation. Ndime ya chigawo cha COSAFA inachitikira ku Lilongwe mu Okutobala 2022, ndipo ku ndime yotsiriza ku Durban mu Epulo 2023 Malawi inaimiridwa ndi anyamata a Salima Secondary School. Sukulu yopambana inalandira madola 300,000 a chitukuko cha pa sukulupo. Ndalama zotere zingamange makalasi ndi nyumba za aphunzitsi. Zingachititsenso munthu wabwinobwino kuyang'ana fomu ija kawiri, cholembera chili m'manja.

Zothetsera zake sizilira ndalama zambiri. Kaundula wa osewera atsekedwe kumayambiriro kwa teremu, mpikisano usanalengezedwe, ndi chithunzi cha mwana aliyense. Foni yojambula masiku ano ili m'thumba mwa aphunzitsi ambiri. Mndandandawo ukhomedwe pa likulu la zoni (TDC) pomwe mlangizi wa zamaphunziro (PEA) ndi masukulu onse a m'zoni angauone, ndipo wodandaula adandaule sabata yomweyo, osati atamwa zigoli. Chilango chigwere mphunzitsi wosaina fomu ndi ahedi odinda chidindo, osati mwana yekha amene anangouzidwa kuti vala. Ndipo a MASSA, bungwe loyendetsa masewero a m'sukulu, pamodzi ndi othandiza zikho za m'madera, awaganizire anyamata akuluakulu aja. Akhale ndi gawo lawolawo lopanda malire a zaka, bola akhale ana a sukulu enieni. Mnyamata wa zaka 17 wa mu Sitandade 8 akapatsidwa mpikisano wake, chifukwa chomubisira pakati pa ana chimachepa.

Mbali ina ili m'manja mwa makolo. Lamulo la kalembera wa dziko la 2010 linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2015, ndipo kuyambira pamenepo kulembetsa mwana aliyense wobadwa n'kokakamiza. Wobadwira kuchipatala fomu yake imalembedwa komweko, ndipo ena amalembetsa kudzera kwa amfumu ndi ofesi ya kalembera ya NRB kwa DC. Mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo analembetsa chiphaso cha unzika. Mwana wobadwa mwezi umene lamuloli linayamba adzakwanitsa zaka 14 mu Ogasiti 2029. Makolo a ku Guilleme ndi madera ozungulira amene ana awo alibe chiphaso chobadwira apite akawalembetse tsopano, ndi chaka chake chenicheni, ndipo makomiti a zamasewero ayambe kuchifunsa kwa timu iliyonse, kuphatikizapo ya pa sukulu imene yakonza mpikisanowo.